Za Mwana Wanzeru Amene Malembo Amukana

Pafupifupi m'sukulu iliyonse ya dziko lino, kaya ndi ya kumudzi kumene ana amaphunzirira pansi pa mtengo, kaya ndi ya m'tauni yolipira ndalama zambiri, mumapezeka mwana amene nkhani yake imazunguza mitu ya akulu. Akamva nthano madzulo amaibwereza m'mawa mwake osasiyako kanthu. Akatumidwa kumsika amabwera ndi chenji chokwanira. Mbuzi za m'khola amazidziwa iliyonse ndi make. Koma mukamuikira buku patsogolo ndi kumuuza kuti awerenge mzere umodzi wokha, nkhope yake imagwa, nayamba kudodoma, kulumpha mawu ndi kungolota, monga ngati sanaonepo lembo chibadwire. Aphunzitsi amati ndi waulesi, anzake amamutcha mbuli, agogo ake amanong'ona kuti kapena alipo amene anamuchita chipongwe. Ndipo kholo, limene limamudziwa mwanayo koposa onsewa, limangosunga nkhawa mumtima, pakuti likuona kuti mayina onsewo sakumuyenera, koma dzina loyenera silikulidziwa.

Dzinalo lilipo, ndipo madokotala ndi akatswiri a maphunziro akhala akulitchula kwa zaka zoposa 130. Amati dyslexia, ndiko kuvutika kwapadera pophunzira kuwerenga ndi kulemba mawu molondola ndi mofulumira, kumene kumagwira mwana amene maso ake akuona, makutu ake akumva, nzeru zake zili bwino, ndipo kusukulu akupita monga anzake. Cholinga changa pano ndicho kuyala nkhani yonseyi poyera: gwero la vutoli, kusiyana kwake ndi zina zofanana nalo, makomo amene kholo lingaodirepo, ndi chimene liyenera kupempha likalandiridwa. Ndipo ndineneretu chimene ndikuchikhulupirira koposa: kupima mwana ndi chinthu chabwino chimene kholo liyenera kuchifunafuna mosatopa, koma thandizo la mwanayo lisalindire chikalata cha katswiri, pakuti m'dziko muno akatswiri ndi owerengeka, pamene msinkhu wa mwana sulindira munthu.

Mmene vutoli linadziwikira

Oyamba kuliona anali madokotala a ku Ulaya. M'chaka cha 1877 Adolf Kussmaul wa ku Germany analemba za anthu akulu amene anataya luso lowerenga pomwe maso awo ndi lilime lawo zinali zamphumphu. Ndipo mu 1887 Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa mumzinda wa Stuttgart, anapatsa vutoli dzina limene tikulitchula lero. Koma amene anautsa anthu pa za ana anali W. Pringle Morgan, dokotala wa m'tauni ya Seaford ku England, amene mu 1896 anafotokoza m'magazini ya British Medical Journal za mnyamata wa zaka 14, wochenjera pamasewera ndi wodziwa masamu, amene, ngakhale anaphunzitsidwa kuyambira ali ndi zaka 7, analephera kuwerenga, kotero kuti ngakhale dzina lake lomwe la Percy analilemba Precy. Mphunzitsi wake anachitira umboni kuti maphunziro onse akadakhala a pakamwa, mnyamatayo akadaposa onse a m'sukulumo. Ndipo umboni womwewo ukanatha kuperekedwa lero ndi aphunzitsi ambiri a ku Dowa, ku Mulanje kapena ku Karonga.

Popeza ena mwa oyambawo anali madokotala a maso, monga James Hinshelwood wa ku Glasgow, anthu anakhala nthawi yaitali akuyesa kuti vuto lili m'maso, kuti mwana amaona malembo chogadama kapena akuvina papepala. Samuel Orton wa ku America, amene anayamba kulemba za ana otere mu 1925, anathandiza kwambiri poonetsa kuti angathe kuphunzitsidwa. Ndipo njira imene inachokera pa ntchito yake ndi ya mphunzitsi Anna Gillingham, yakuti mwana aone lembo, amve liwu lake, alitchule ndi kulilemba ndi chala nthawi yomweyo, ikugwirabe ntchito kufikira lero. Koma mzu wa vutoli unafukulidwa pambuyo pake, pamene ofufuza anasiya kuyang'ana m'maso nayamba kutchera khutu ku maliwu. Mu 1983 Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku Oxford anaonetsa kuti ana a zaka 4 ndi 5 amene ankavutika kumva kuti mawu akuti ndi akuti ayamba kapena atha ndi liwu limodzi, ndiwo amene anadzatsalira powerenga atakula, ndiponso kuti kuwaphunzitsa maliwu pamodzi ndi malembo ake kunawakweza.

Tiyenera kuima pang'ono pamenepa, pakuti amene wamvetsa ichi wamvetsa nkhani yonse. Kulankhula mwana amakuyamwira, koma kuwerenga ndi luso lopangidwa ndi anthu, limene mutu uliwonse uyenera kuliphunzira mwakhama. Mawu otuluka pakamwa ali ngati chimanga chosatong'ola, chimene maso ake ali ophatikana m'mizere. Ndipo wofuna kuwerenga ayenera kutha kutong'ola maso amodziamodzi, kuti amve kuti m'mawu akuti nyumba muli maphatikizo awiri, nyu ndi mba, ndi kuti phatikizo lililonse lili ndi timaliwu take timene malembo amaimira. Ana ambiri, akangolangizidwa, amachita zimenezi msanga, mpaka kuiwala kuti inali ntchito. Mwana wa dyslexia amamva mawu athunthu bwino lomwe, namvetsa tanthauzo lake, koma kuwagawa m'timaliwu ndi kumangirira kaliwu kalikonse ku lembo lake kumamudyera mphamvu zochuluka. Chifukwa chake akafika kumapeto a chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake, wotopa monga wagwira ntchito ya tsiku lonse.

Vutoli limayenda m'magazi, kotero kuti kholo likakhala nalo, pafupifupi theka la ana ake angakhale nalonso. Ndipo si zachilendo kuti bambo, pomva za mwana wake, akumbukire chifukwa chimene iye mwini anasiyira sukulu ali Sitandade 4. Akatswiri amasiyana powerengera, popeza vutoli limakula mosiyanasiyana, kwa ena pang'ono kwa ena kwambiri. Koma ambiri amati limagwira ana pakati pa 5 ndi 10 mwa 100 alionse, ndiye kuti m'kalasi ya ana 100 tisadabwe kupezamo asanu kapena kuposerapo. Silisankha wolemera kapena wosauka, wanzeru zambiri kapena wanzeru zapakati. Carol Greider, amene analandira mphoto ya Nobel pa zamankhwala mu 2009, anakula nalo; koma sitinena izi kuti tilonjeze kholo lililonse mwana wotchuka, tingofuna kutsimikiza kuti kuvutika ndi malembo sikuyeza kukula kwa nzeru. Funso lakale lija lofufuza wochimwa, kaya mwana kaya makolo ake, lilibe malo pano. Ndipo mfiti, imene timafulumira kuisenzetsa zonse zimene sitikuzimvetsa, pa mlandu uwu ilibe mbali.

Chichewa chimabisa, Chingerezi chimaulula

Pali chinthu china chimene kholo la ku Malawi liyenera kuchidziwa, chimene mabuku olembedwera ana a ku England sangaliuze. Zilankhulo sizilemera mofanana pa mwana wotere. Chingerezi chili ndi malembo 26 oimira maliwu pafupifupi 44, ndipo lembo limodzi limasintha liwu lake kuchoka pa mawu ena kufika pa ena. Pamene Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo kawirikawiri chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira. Mu 2001 Eraldo Paulesu ndi anzake anayerekeza ophunzira a dyslexia a ku Italy, ku France ndi ku England, napeza kuti ubongo wa onsewo umagwira ntchito mofanana powerenga, koma a ku Italy, amene chilankhulo chawo chimalembedwa molunjika, ankalakwitsa pang'ono poyerekeza ndi anzawo.

Potero mwana wathu angathe kudutsa makalasi oyamba akuwerenga Chichewa mokwawa, phatikizo limodzilimodzi, osalakwitsa kwambiri, aphunzitsi namangoti ndi wochedwa chabe; koma akafika Sitandade 5, pamene m'masukulu ambiri a boma maphunziro amatembenukira ku Chingerezi, amagwa mwadzidzidzi, makolo nadabwa kuti chamulowa ndi chiyani. Sichinamulowe tsiku limenelo, chinalipo chiyambire. Amene afuna kuchiona msanga m'Chichewa ayang'ane kuchedwa kwa kawerengedwe ndi kalembedwe ka maphatikizo olemera: mwana amene, ataphunzitsidwa kambirimbiri, alembabe pala pofuna kunena phala, kapena ngoma pofuna kunena ng'oma, kapena amene ataya lembo limodzi m'mawu onga ntchito ndi mphunzitsi, lero ili mawa lina.

Kusiyanitsa vutoli ndi zofanana nalo

Apa ndipo pali mfundo yovuta koposa m'dziko lathu. Pamene boma linachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana a m'masukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, chimene chinali chisomo chachikulu kwa osauka, koma chinasiya mphunzitsi mmodzi ataima pamaso pa ana 100 kapena kuposerapo. Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana a makalasi oyamba amene anachitika mu 2010 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a Sitandade 2, oposa 70 sanathe kuwerenga ngakhale mawu amodzi a kankhani ka Chichewa. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti onsewo anali ndi dyslexia. Ochuluka anangosowa mphunzitsi wowafikira, buku logwira m'manja ndi nthawi yokwanira. Tsono pali maenje awiri amene tiyenera kuwalambalala: loyamba ndilo kutcha mwana aliyense wosawerenga kuti ali ndi dyslexia, ndipo potero kubisa kulephera kwa sukulu pansi pa dzina la chipatala, lachiwiri ndilo kunena kuti popeza osawerenga ndi ambiri, palibe wofunika kumuyang'ana payekha, ndipo potero kusiya mwana wovutikadi atamira m'chigulu.

Chifukwa chake kholo, lisanatchule dzina lililonse, liyambe lachotsa zina zimene zingatsekereze mwana. Limutengere kuchipatala akamuone maso, pakuti alipo ana amene kusawerenga kwawo kunatha tsiku limene anavala magalasi. Akamuonenso makutu, makamaka ngati ankatuluka mafinya ali wamng'ono, popeza wosamva bwino maliwu sangawagwirizanitse ndi malembo. Likumbukire ngati mwanayo anadwalapo malungo aakulu okomola, kapena ngati amagwa khunyu, pakuti zimenezi zingasiye chipsera pa kaphunziridwe. Lidzifunse moona ngati mwana amapita kusukulu atadya, ngati sajomba nthawi yolima ndi masiku a msika, ngati aphunzitsi ake sanasinthesinthe, ngati mtima wake suli wosweka ndi maliro kapena ndewu za m'nyumba. Ndiponso ngati chilankhulo cha m'kalasi ndicho cha pakhomo, pakuti mwana woyamwira Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena ali ndi mtunda wina woyenda asanafike pamene mnzake wayambira.

Zonsezi zikachotsedwa, zizindikiro zotsala zimayamba kulankhula. Ali wamng'ono, mwana wotere kawirikawiri amachedwa kulankhula, amasokoneza maphatikizo a mawu aatali, ndipo masiku a sabata ndi miyezi ya chaka sizikhazikika m'mutu mwake motsatana. Akayamba sukulu, lembo limene walidziwa Lolemba limamuthawa Lachitatu. Amaloweza tsamba lonse ndi khutu, nanamizira kuwerenga, koma mukamulozera mawu amodzi pakati pa tsambalo amasowa chonena. Kukopera za pabolodi kumamuthera nthawi yonse. Ndipo chachikulu koposa, mukamuwerengera nkhani amayankha mafunso onse, pamene akaiwerenga yekha sayankha kanthu. Kutembenuza b ndi d, kumene anthu ambiri amakutenga ngati chizindikiro chachikulu, amachita ana ochuluka kufikira zaka 7, ndipo pakokha sikutsimikiza kanthu. Chotsimikiza ndicho kukanika kwa vutolo: anzake a kalasi imodzi, a mphunzitsi mmodzi ndi buku limodzi, apita patsogolo, iye yekha watsala, ngakhale akuyesetsa.

Kuodira pakhomo la sukulu

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kholo lisayembekeze kuti sukulu idzaliitana, pakuti mphunzitsi wa ana 100 angathe kutha chaka osamva liwu la mwana wofatsa wokhala kumbuyo. Liyambe ndi mphunzitsi wa kalasi, pa nthawi yopangana, osati pakhomo la kalasi ana akumvetsera. Litenge makope a mwana a miyezi ingapo, kuti lisapite ndi madandaulo okha koma ndi umboni. Ndipo lilankhule monga wopempha nzeru, osati monga woimba mlandu, pakuti mphunzitsi amene wachititsidwa manyazi amateteza ulemu wake m'malo moteteza mwana. Mayi angathe kunena kuti, "Aphunzitsi, ndabwera kuti mundithandize maganizo. Mwana wanuyu kunyumba amamva zonse, koma taonani m'makopemu mmene akulembera. Kodi inu mukamuona m'kalasi, akusiyana bwanji ndi anzake?" Kenaka afunse zinthu zogwirika: malembo angati amene mwana akudziwa maliwu ake, maphatikizo ati amene amamukanika, chimene aphunzitsi ayesapo kale, ndi tsiku limene adzakumanenso kuti aone ngati pali kusintha.

Teremu ikatha popanda kusintha, nkhani ikwere kwa aphunzitsi aakulu, ndipo ikwere m'kalata yokhala ndi tsiku, imene kholo lisunge inzake. Pakuti mawu a pakamwa amauluka aphunzitsi akasamutsidwa, koma kalata imatsala m'faelo. M'kalatamo lipemphe zinthu ziwiri pamodzi: kuti mwana aonedwe ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, ndi kuti thandizo liyambe pomwepo osalindira kuonedwako. Aphunzitsi oterewa alipo, ngakhale ndi ochepa. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene inayamba ndi kusula aphunzitsi a ana osamva ndi osaona, inawonjezera mu 1996 maphunziro a ana ovutika kuphunzira. Ndipo ambiri otuluka kumeneko amagwira ntchito m'zipinda zapadera zimene zili pa masukulu ena, kapena amayendera masukulu angapo. Amene adziwa kumene ali ndi a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, amene amapezeka ku TDC, malo osonkhanira aphunzitsi a m'zoni, ndiponso a ku ofesi ya maphunziro ya boma lililonse. Mutu umodzi susenza denga: komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi a pasukulu angathe kuperekeza kholo limene liopa kulankhula lokha.

Ndipo kholo lidziwe kuti silikupempha chifundo chokha. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 25, amapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro. Malawi anavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Lamulo la 2024 la anthu olumala, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa tsankho pa maphunziro. Ndipo mu 2017 unduna wa maphunziro unakhazikitsa ndondomeko yakuti ana onse aphunzire pamodzi, aliyense akuthandizidwa monga mwa kusowa kwake. Abale athu amene akulera ana kunja apezanso makomo ofanana. Ku South Africa ndondomeko ya SIAS ya 2014 imayambira pa mphunzitsi wa kalasi, nipita ku gulu lothandiza la pasukulu, kenaka la m'boma. Ku England sukulu iliyonse ya boma ili ndi mphunzitsi woyang'anira ana osowa thandizo lapadera, wotchedwa SENCO, ngakhale makolo ambiri kumeneko amalipira okha kuti mwana apimidwe mokwanira. Ku America lamulo limakakamiza masukulu a boma kupima mwana kwaulere, kawirikawiri pasanathe masiku 60 kholo litavomereza. Konseko, amene amathandizidwa msanga ndi mwana wa kholo lolemba kalata ndi kubwereranso.

Chimene kupima kuli, ndi malire ake

Dyslexia sioneka poyeza magazi kapena pa chithunzi cha X-ray. Wopima, kaya ndi katswiri wa kaganizidwe ka ana kaya ndi mphunzitsi wophunzitsidwa ntchitoyi, amayamba ndi mbiri ya mwana ndi ya banja lake. Kenaka amayesa ngati mwana adziwa liwu la lembo lililonse, ngati angathe kuchotsa liwu loyamba m'mawu ndi kutchula chotsala, ngati angawerenge mawu opeka opanda tanthauzo, amene sangawalote kapena kuwaloweza, mawu angati amene amawerenga pa mphindi imodzi, kufulumira kwake potchula mayina a zithunzi kapena manambala, ndi kusiyana kwa kumvetsa kwake pomvetsera ndi powerenga yekha. Kale ankati mwana ali ndi vutoli pokhapokha nzeru zake zoyezedwa zitaposa kutali kawerengedwe kake. Koma akatswiri ambiri anausiya muyeso umenewo, ataona kuti umachedwetsa thandizo ndi kutsekera kunja ana ambiri olisowa. Wopima wabwino amayang'ananso mavuto amene amakonda kuyenda ndi ili, monga kulephera kukhazikika maganizo ndi kuvutika ndi manambala.

Koma kholo likhale tcheru pa zinthu ziwiri. Choyamba, mayeso ambiri otere anakonzedwa m'Chingerezi, poyerekeza ndi ana a ku England kapena ku America. Ndipo kuyeza nawo mwana wa ku Ntchisi, amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha, ndiko kumuweruza pa mlandu umene si wake. Liumirire kuti mwana ayesedwenso m'chilankhulo chimene anaphunziriramo kuwerenga. Chachiwiri, chikalata chongotchula dzina la vuto, osanena chimene mphunzitsi achite Lolemba m'mawa, ndi ndalama zotayika. Ndipo kumene wopima sapezeka konse, kholo lisataye mtima, pakuti pali muyeso wina umene akatswiri amaulemekeza, umene sukulu iliyonse ingathe kuuchita: kuphunzitsa mwana maliwu ndi malembo mwadongosolo, m'kagulu kakang'ono, masiku ambiri a sabata kwa teremu yathunthu, ndi kulemba mmene akuyendera. Amene anangosowa chiphunzitso adzathamanga ndi kupeza anzake. Amene ali ndi dyslexia adzayenda pang'onopang'ono, ndipo kuchedwa kwakeko kudzakhala umboni. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti onse awiri athandizidwa, ndipo palibe tsiku limene latayika.

Thandizo lenileni

Mankhwala akumwa a vutoli palibe, ndipo silitha ndi kukula. Koma chiphunzitso choyenera chimafikitsa ana ambiri otere pa kuwerenga kokwanira, ngakhale ena amakhalabe ochedwa ndi olakwitsa kalembedwe moyo wawo wonse. Chiphunzitsocho si chinsinsi: liwu limodzi pa nthawi, kuchokera pa zosavuta kupita pa zovuta, kubwereza zadzulo musanawonjeze zalero, mwana akutchula ndi pakamwa pamene chala chikulemba pamchenga. Mabuku a pulogalamu ya boma ya kuwerenga, imene inayamba mu 2016, amayenda kale m'njira ya maliwu ndi maphatikizo. Chimene mwana wathu asowa ndicho kuti njira yomweyo ayende mosathamangitsidwa, ndi womuperekeza pafupi. Ndipo zilipo zina zimene mphunzitsi angachite osawononga tambala: kumukhazika kutsogolo, kusamuimiritsa kuti awerenge mokweza asanakonzekere, kumuchepetsera zokopera, kumufunsa ndi pakamwa zimene akudziwa, kuchonga maganizo ake osadzaza tsamba ndi inki yofiira, ndi kumupatsa nthawi yowonjezera pa mayeso. Bungwe la MANEB lili ndi makonzedwe apadera a ana olumala, monga mapepala a Braille ndi a malembo akuluakulu; choncho kholo lifunse aphunzitsi aakulu, nthawi yolembetsa mayeso a Sitandade 8 isanafike, chimene chingachitike kwa mwana wake.

Pali mayankho atatu amene kholo lidzamva, amene liyenera kuwakana mwaulemu. Loyamba ndi lakuti, "Musiyeni, adzatseguka mutu akakula." Zengerezu adalinda kwaukwau. Keith Stanovich anafotokoza mu 1986 mmene wowerenga bwino amawerengera zambiri, nachulukitsa mawu ndi nzeru, pamene wovutika amathawa mabuku, natsalira chaka ndi chaka; ndipo anatcha zimenezi ndi dzina la Mateyu, pokumbukira mawu a mu Uthenga wake onena za wokhala nazo ndi wosowa. Lachiwiri ndi lakuti mwana angobwereza kalasi. Koma kubwereza chiphunzitso chomwecho, m'chigulu chomwecho, kumangomukulitsa pakati pa ana aang'ono mpaka manyazi amuchotse pasukulu. Lachitatu ndi la ogulitsa machiritso, a magalasi amitundumitundu ndi masewera a maso. Mabungwe a madokotala a ana ndi a maso a ku America analengeza pamodzi mu 2009 kuti palibe umboni wakuti zimenezi zimachiza dyslexia. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Za chikwapu ndiye sitichita kunena: fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mwana womenyedwa chifukwa cha malembo amaphunzira chinthu chimodzi chokha, ndicho kudana ndi buku.

Pakhomo, ngakhale kholo losadziwa kuwerenga lili ndi gawo lake, ndipo si laling'ono. Nthano, zilapi, miyambi ndi nyimbo zimadzaza mwana ndi mawu amene anzake akuwapeza m'mabuku. Mkulu wake kapena mnansi angathe kukhala naye mphindi 15 tsiku lililonse, nthawi yaifupi yosatopetsa, ndi kumuwerengera mokweza maphunziro ena kuti asatsalire pa sayansi ndi mbiri chifukwa cha malembo okha. Ndipo kumene kuli foni, phunziro lingathe kujambulidwa mawu kuti alimvetsere kawiri katatu. Koma choposa zonse ndicho kumuuza mwanayo zoona, pakuti iye anazindikira kale kuti akusiyana ndi anzake, ndipo akapanda kupatsidwa chifukwa, adzadzipezera chake, chakuti ndi chitsiru. Bambo amuitane, namuuze kuti, "Mwana wanga, nzeru uli nazo, ndipo ife tikuziona. Malembo okha ndiwo amakuvuta kuposa anzako, ndipo si kulakwa kwako. Tidzalimbana nawo pamodzi." Luso lake lina, kaya ndi la manja, la mpira, la kuimba kapena la masamu, lilemekezedwe poyera, kuti akhale ndi pamene angaimirire mutu uli m'mwamba.

Tsono mlandu wonse ndauweruza motere. Kupima n'koyenera, ndipo boma liyenera kuchulukitsa aphunzitsi a maphunziro apadera, kuphunzitsa za vutoli m'makoleji onse a aphunzitsi, ndi kukonza mayeso opimira a m'zilankhulo zathu. Koma kufikira zimenezo zitakwanira, palibe sukulu imene ili ndi chifukwa chokanira thandizo poti chikalata palibe. Inu aphunzitsi, mwana wa mnzako ngwako yemwe: kholo likabwera ndi makope m'manja, lilandireni monga mnzanu pa ntchito imodzi. Ndipo inu makolo anzanga, amene mwaona mwana wanu m'mawu awa, musalindire zotsatira za kumapeto a chaka. M'mera mpoyamba. Kamuonetseni maso ndi makutu mwezi uno, sonkhanitsani makope ake, pitani kwa aphunzitsi ake sabata ino; ndipo mukabwezedwa, lembani kalata, mubwererenso.